Mpando Wosowa Mwini: Mbiri ya Mkangano wa Magulu a Rock ku America

Mukafunsa okonda nyimbo za rock ku Britain kuti gulu lawo lalikulu ndi liti, nkhani siitalika. Wina atchula The Beatles, wina aikira kumbuyo The Rolling Stones, wina Led Zeppelin, basi aliyense n'kubwerera ku zake. Funso lomwelo mukalifunsa ku America, kumene nyimbozi zidabadwira, ndiye mwaputa mavu. Zaka zoposa 60 zatha akukangana m'magazini, pawailesi, m'mabala ndi m'galimoto pa maulendo ataliatali, koma mpando udakali wopanda mwini. Zili ngati ufumu umene mbumba iliyonse yabwera ndi mwana wake, ndipo iliyonse ikaima pabwalo mfundo zake zikumveka. Mkanganowu udayamba kufesedwa kale, kusanakhale n'komwe magulu oti anthu awakanganirane.

Mizu yake ili m'minda ya thonje ya kummwera kwa dzikolo, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Mississippi. Kumeneko zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa zinkaimba pogwira ntchito, mmodzi akutsogola ena akuvomera, monga amachitira amayi pamtondo. Loweruka usiku mawu omwewo ankamveka m'tinyumba ta mowa ta m'mphepete mwa minda, Lamulungu m'mawa ankamveka m'tchalitchi. Kumeneko ndiko kudachokera blues ndi gospel. Azungu osauka a m'mapiri nawo adali ndi zawo, zomwe zidadzatchedwa country, ndipo ankaziimba ndi banjo, chida chomwe makolo ake ndi a ku Africa. Akale a ku Mississippi adasiya nthano ya Robert Johnson, mnyamata amene akuti adapita pamphambano pakati pa usiku kukapangana ndi mdyerekezi kuti zala zake zidziwe gitala. Chodziwika n'chakuti adajambula nyimbo 29 zokha, n'kumwalira mu 1938 ali ndi zaka 27. Koma taonani mmene nthanoyo idaumbidwira: munthu mmodzi, gitala imodzi, msewu wopanda anthu. Umu ndi mmene anthu a ku America adazolowerera kusimba za nyimbo zawo, ndipo mpaka lero lilime lawo limalemera akafuna kusimba za gulu.

Kenaka kudabwera msamuko waukulu. Kuyambira cha m'ma 1910 kufikira 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni adachoka kummwera pothawa malamulo a tsankho, kuphedwa popanda mlandu ndi umphawi wa m'minda ya eni. Adalunjika ku mafakitale a ku Chicago, Detroit ndi New York, ena n'kulowera kuzambwe ku California. M'sitima zomwezo mudakwera nyimbo. Muddy Waters adafika ku Chicago mu 1943 n'kupeza kuti gitala yake ya kumudzi ikumira m'phokoso la m'mabala. Adailumikiza ku magetsi, n'kudzizungulira ndi anzake: Little Walter pa harmonica, Jimmy Rogers pa gitala yachiwiri, Otis Spann pa piyano, wang'oma ali kumbuyo. Limeneli lidali gulu lenileni, aliyense akumvera mnzake ngati oimba ng'oma za gule, koma pa zimbale za kampani ya Chess dzina lolembedwa lidali la munthu mmodzi.

Chizolowezi chimenechi chidapitirira pamene rock and roll inkabadwa. Nyimbo ya "Rocket 88", yomwe ambiri amati ndiyo yoyamba ya mtunduwu, idajambulidwa ku Memphis mu 1951 m'situdiyo ya Sam Phillips. Oimba zida adali anyamata a Ike Turner, koma idatuluka m'dzina la Jackie Brenston, amene adaimba mawu. Ku Cleveland, muulutsi wa pawailesi Alan Freed ankaika nyimbo za akuda kuti achinyamata a mitundu yonse amve, ndipo ndiye adawanditsa dzina lakuti rock and roll. Mu 1954 kudatulukira Elvis Presley, chaka chotsatira Chuck Berry ndi Little Richard. Asanabwere onsewa, mayi wina wa nyimbo zauzimu, Sister Rosetta Tharpe, adali ataliza kale gitala ya magetsi mwaukali womwewo. Mayina onsewa ndi a anthu, osati magulu. Kumbuyo kwa Elvis kudali Scotty Moore ndi Bill Black, kumbuyo kwa Berry kudali Johnnie Johnson pa piyano, koma ndi ochepa amene ankawafunsa mayina.

Amene adaonetsa njira ina ndi anyamata a ku Lubbock, m'chigawo cha Texas, otchedwa The Crickets. Magitala awiri, besi ndi ng'oma, nyimbo zopeka okha, zida akuimba okha: umenewu ndiwo udakhala msinkhu wa bandi ya rock kuyambira 1957 mpaka lero. Komabe nawonso adaphimbika ndi mtsogoleri wawo, Buddy Holly. Pa 3 Febuluwale 1959 Holly adafa pa ngozi ya ndege ku Iowa ali ndi zaka 22. Nthawi imeneyo n'kuti Elvis ali ku usilikali, Little Richard atasiya zadziko kukatumikira mpingo, ndipo posakhalitsa Chuck Berry adalowa m'ndende. Bwalo lidatsala lopanda eni.

M'kachetechete ameneyu, mu 1961, banja lina la ku Hawthorne, pafupi ndi Los Angeles, lidayamba kuimbira m'nyumba. Adali abale atatu, Brian, Dennis ndi Carl Wilson, msuweni wawo Mike Love, ndi mnzawo wa kusukulu Al Jardine. Adatchedwa The Beach Boys. Ankaimba za kusewera pa mafunde a nyanja, za galimoto zothamanga ndi za atsikana, ngakhale kuti woseweradi pa mafunde adali Dennis yekha. Mawu awo ankalukana ngati kwaya yokhwima, koma pansi pake padali gitala ya Chuck Berry, mpaka nyimbo yawo ya "Surfin' U.S.A." idayenera kulembedwa dzina la Berry chifukwa kayendedwe kake kadali kake. Amenewa ndiwo adali gulu loyamba la ku America lomwe dzina lake lidakula kuposa la aliyense wa mkati mwake.

Funso lenileni lidabadwa usiku wa pa 9 Febuluwale 1964. Anyamata anayi a ku Liverpool adaimba pa pologalamu ya pakanema ya Ed Sullivan, anthu pafupifupi 73 miliyoni akuonera. Pofika Epulo chaka chomwecho, The Beatles idatenga malo asanu oyambirira pa mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard. Chowawa kwa eni dziko chidali chakuti alendowa adabwera ndi katundu wa mwini nyumba. Dzina la The Beatles lidatsanzira la The Crickets. The Rolling Stones adadzitcha dzina la nyimbo ya Muddy Waters, ndipo atangofika ku America adakajambula ku Chess komweko ku Chicago. Ana a azungu a ku America adaphunzira za agogo a blues a m'dziko lawo lomwe kudzera mwa anyamata a kutsidya kwa nyanja. Kuyambira pamenepo, funso lakuti gulu lathu lalikulu ndi liti lakhala likubisa lina mkati: ndani wa ife angaime pamaso pa The Beatles osagwetsa nkhope?

Woyamba kuyesa adali Brian Wilson. Munthuyu khutu lake lakumanja silinkamva, ndipo kumapeto kwa 1964 adaleka kuyenda ndi anzake m'maulendo kuti azikhala m'situdiyo. Atamva chimbale cha The Beatles cha Rubber Soul adatsimikiza kupanga choposa. Adasonkhanitsa akatswiri oimba zida a ku Los Angeles, monga Carol Kaye pa besi ndi Hal Blaine pa ng'oma, n'kuwonjezera malipenga, zitoliro, mabelu a njinga ngakhale kuuwa kwa agalu ake. Mu Meyi 1966 kudatuluka Pet Sounds, chimbale cha mnyamata amene akuopa kukula, chachisoni chokoma chomwe sichikalamba. Paul McCartney wa The Beatles wakhala akunena poyera kuti chidawakankha popanga Sgt. Pepper. Wilson adafuna kupitirira ndi chimbale cha Smile, koma mankhwala ozunguza bongo, matenda a maganizo ndi kusamvana ndi anzake zidamugwetsa, ndipo ntchitoyo idagona mpaka 2004. Oikira kumbuyo The Beach Boys amati palibe wina wa ku America amene adachititsa The Beatles kutembenuka. Otsutsa amafunsa mwachilungamo: ngati zida zambiri za pachimbale chawo chachikulu adaimba ndi aganyu, tikutamanda gulu kapena mutu wa munthu mmodzi?

Pakati pa 1965 ndi 1969 magulu adaphuka ngati bowa mvula itagwa. Mwana aliyense amene bambo ake adali ndi galaja ankafuna gitala. Ku Los Angeles kudali The Byrds ndi The Doors. Ku New York kudali The Velvet Underground ya Lou Reed ndi John Cale, yomwe inkaimba za moyo wa usiku wa m'misewu mosabisa kanthu, mayi Maureen Tucker akuimba ng'oma ataimirira. Mawailesi adaikana ndipo chimbale chake cha 1967 sichidagulidwe kwenikweni, koma magulu ambirimbiri a pambuyo pake amaitchula ngati mphunzitsi wawo. Chaka chomwecho ku San Francisco kudayamba magazini ya Rolling Stone, ndipo kulemba za rock kudasanduka ntchito. Apa mpamene miyeso iwiri idapatukana: wina amawerenga zimbale zogulidwa, wina amawerenga ana amene gulu lidabereka. Anthu awiri ogwiritsa miyeso yosiyanayi angakangane mpaka tambala osamvana, pakuti akuyeza zinthu zosiyana.

Padali usiku umodzi umene atatu mwa olimbirana mpandowu adakwera nsanja imodzi. Kudali ku Woodstock, mu Ogasiti 1969, pamaso pa chinamtindi cha anthu pafupifupi 400,000 atakhala m'matope. Oyamba adali Grateful Dead, ndipo iwo eni adavomera kuti tsikulo sizidawayendere. Koma gulu limeneli silinkayezedwa ndi usiku umodzi. Kuyambira 1965 mpaka imfa ya mtsogoleri wake Jerry Garcia mu 1995 lidaimba maulendo oposa 2,300, osabwereza ndondomeko ya dzulo, nyimbo imodzi ikumatambasuka theka la ola. Lidalola anthu kujambula zoimba zake pa matepi ndi kumagawana, ndipo otsatira ake, otchedwa Deadheads, ankasamuka nalo mzinda ndi mzinda ngati mudzi woyenda. Kwa iwo gulu lalikulu ndi limene lamanga mtundu wa anthu. Kwa ena, ndi phokoso lotalika lopanda mutu.

Pakati pa usiku patadutsa adakwera a Creedence Clearwater Revival, anthu ambiri atagona. Awa ndimawamvera chisoni kwambiri m'mbiri yonseyi. John Fogerty, Stu Cook ndi Doug Clifford adadziwana ali kusukulu ku El Cerrito, ku California, ndipo pamodzi ndi Tom, mkulu wake wa John, adavutika pafupifupi zaka khumi asanadziwike. Atadziwika adathamanga ngati akudziwa kuti nthawi ndi yochepa: mu 1969 mokha adatulutsa zimbale zitatu, zonse zamphamvu. Nyimbo zawo zinkatha mphindi zitatu, zopanda zokometsera, zokamba za mitsinje ya kummwera komwe iwo sadakulire, ndi za mwana wa mmphawi wotumizidwa ku nkhondo ya ku Vietnam pamene mwana wa bwana watsala kunyumba. Kasanu konse adafika pa nambala 2 pa Billboard, osalawako nambala 1. Tom adachoka mu 1971, gulu n'kutha mu 1972, ndipo pangano lomwe adasaina ali anyamata lidasiya nyimbo zawo m'manja mwa kampani ya Fantasy. Pambuyo pake John adasumiridwa kuti nyimbo yake yatsopano ikufanana ndi yake yomwe yakale. Adalowa m'khoti ndi gitala, n'kuimbira oweruza, ndipo mu 1988 adapambana.

Cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kudakwera Sly and the Family Stone, ndipo ogona aja adadzuka. Sly, amene dzina lake lenileni lidali Sylvester Stewart, adabadwira ku Texas, banja lake n'kusamukira ku Vallejo, ku California, m'msamuko uja. Adakulira m'kwaya ya mpingo wa Church of God in Christ, kenaka adakhala muulutsi pa wailesi ya nyimbo za akuda ku San Francisco, komwe ankaikanso The Beatles mosaopa. Gulu lomwe adamanga mu 1966 lidali chinthu chomwe dzikolo lidali lisanaonepo. Mng'ono wake Freddie adali pa gitala, mlongo wawo Rose pa limba, Cynthia Robinson akuliza lipenga, Larry Graham akumenya nsambo za besi ndi chala chachikulu m'njira imene oimba besi a dziko lonse adatengera, ndipo azungu awiri, Greg Errico ndi Jerry Martini, adali pa ng'oma ndi saxophone. Akuda ndi azungu, amuna ndi akazi, onse akugwira zida, mawu akuponyerana wina ndi mnzake, ku Woodstock kuja, patangotha chaka chimodzi Martin Luther King ataphedwa. A chipani cha Black Panther adamukakamiza kuchotsa azunguwo, iye sadawachotse. Mu 1971 adatulutsa There's a Riot Goin' On, chimbale cha mdima ndi kutopa, chomwe chidanena zoona za maloto a m'ma 1960 atasweka.

Chodabwitsa n'chakuti mkangano ukabuka, gulu limeneli limatchulidwa mochedwa kapena osatchulidwa n'komwe. Chifukwa chake si nyimbo ayi. Kumayambiriro kwa ma 1970 mawailesi a FM ndi masitolo a zimbale adagawa katundu m'mashelefu: mzungu wa gitala ndi rock, wakuda wa gitala yomweyo ndi soul kapena funk. Funkadelic ya George Clinton idatulutsa Maggot Brain mu 1971, gitala ya Eddie Hazel ikulira maliro kwa mphindi khumi, koma idaikidwa pa shelefu ina. Motero nyimbo zomwe zidabadwira m'minda ya thonje zidayamba kuonedwa ngati za azungu, ndipo mkangano wa gulu lalikulu udatengera mpanda womwewo osaufunsa.

Palinso nkhani ya mtundu ndi malire. Jimi Hendrix adabadwira ku Seattle, koma gulu lake, The Jimi Hendrix Experience, lidamangidwa ku London mu 1966 ndipo anzake awiriwo adali a ku England. Gitala yake idafika kutali: ku Zambia m'ma 1970 magulu ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi adaitenga n'kuisakaniza ndi za kwawo, nyimbo zina akuimba m'Chinyanja. Komabe pabwalo la ku America amamuchotsa kuti gululo si lawo. The Band inkaimba mbiri ya America kuposa wina aliyense, koma anayi mwa asanu adali a ku Canada. Fleetwood Mac ndi ya ku Britain yokhala ndi Stevie Nicks ndi Lindsey Buckingham a ku America. Nanga Bruce Springsteen ndi E Street Band, Tom Petty ndi Heartbreakers, Prince ndi The Revolution? Akuti amenewo ndi munthu ndi antchito ake. Mukachotsa onsewa, mwachotsa theka la nkhokwe musanayambe kuyeza.

M'ma 1970 rock idachoka m'maholo kulowa m'mabwalo a masewera, ndipo idasanduka malonda aakulu. Kummwera kudali The Allman Brothers Band, ya ang'oma awiri, wina wakuda wina mzungu, yomwe idataya Duane Allman pa ngozi ya njinga yamoto mu 1971, ndi Lynyrd Skynyrd, yomwe ndege yake idagwa ku Mississippi mu 1977. Ku Boston kudali Aerosmith. Koma pa ndalama palibe adafika pa Eagles. Mu 2018 bungwe lowerengera malonda a zimbale ku America lidalengeza kuti chimbale chawo cha nyimbo zosankhidwa za 1971 mpaka 1975 chafika pa 38 miliyoni, kuposa Thriller ya Michael Jackson. Kwa wokhulupirira manambala mlandu udathera pomwepo. Olemba za nyimbo ambiri sadawakonde, ati nyimbo zawo ndi zosalala mopitirira, ngati mpando wa m'sitolo umene sudakhalidwepo. Gululo lidasweka mu 1980, oimba ake awiri, Glenn Frey ndi Don Felder, ataopsezana ndewu ali pansanja pomwepo, ndipo lidabwererana patatha zaka 14.

Yankho la kusalala kumeneko lidachokera ku Queens, ku New York. Anyamata anayi osakhala pachibale adadzipatsa mfunda umodzi, Ramone, adavala majekete achikopa ndi majinzi ong'ambika, n'kumaimba m'kabala kotchedwa CBGB. Chimbale choyamba cha Ramones, cha 1976, chili ndi nyimbo 14 m'mphindi 29. Pa 4 Julayi chaka chomwecho, tsiku limene kwawo ankakondwerera zaka 200 za ufulu, iwo adali kuimba ku London pamaso pa achinyamata amene adayatsa moto wa punk ku Britain. Ngongole ya 1964 idabwezedwa. Adaimba maulendo 2,263 asanapume mu 1996, koma chimbale chija chidatenga zaka 38 kuti chifike makope 500,000, ndipo pofika 2014 oyambitsa onse anayi adali atamwalira. M'kabala komweko mudatulukanso Talking Heads, omwe mu 1980 adamanga Remain in Light pa maziko a ng'oma za Fela Kuti wa ku Nigeria. Mu 2018 Angélique Kidjo wa ku Benin adachiimbanso chonse, ngati wobweza mbewu kumunda kumene idachokera.

Za m'ma 1980 tidutsa msanga, ngakhale zili ndi oziikira kumbuyo aukali. Kanema wa MTV adayamba mu 1981, maonekedwe n'kuyamba kulemera ngati mawu. Van Halen ya ku Pasadena idali ndi Eddie, mwana wa obwera kuchokera ku Netherlands, amene adasintha kagwiridwe ka gitala. Metallica idakula popanda thandizo la wailesi, ndipo mu 2013 idakaimba ku Antarctica n'kukwanitsa makontinenti onse 7. Guns N' Roses idayaka ndi chimbale cha 1987 kenaka n'kudyana yokha. Aerosmith idadzutsidwa kumanda ndi anyamata a rap a Run-DMC mu 1986. Amene ndimawalemekeza mwapadera ndi R.E.M. a ku Athens, ku Georgia, chifukwa adapewa misozi ya Creedence: nyimbo iliyonse ankailemba mayina a onse anayi, ndalama n'kugawana mofanana. Wang'oma wawo Bill Berry adachoka mu 1997 kukalima, ndipo otsalawo adatseka ntchito mu 2011 akugwirana chanza.

Mu 1986 mkanganowu udapeza nyumba. Bungwe la Rock and Roll Hall of Fame lidalowetsa oimba khumi oyamba, ndipo onse adali anthu paokha kupatula abale awiri a Everly Brothers. Buddy Holly adalowa yekha, The Crickets n'kudikira panja mpaka 2012. The Beach Boys idalowa mu 1988. Mu Januwale 1993, pa mwambo wa ku Los Angeles, adalowa tsiku limodzi The Doors, Creedence ndi Sly and the Family Stone. Jim Morrison wa The Doors n'kuti atagona m'manda a ku Paris zaka zoposa 20. Tom Fogerty adali atamwalira mu 1990 asanagwirizanenso bwino ndi mng'ono wake, ndipo John adakana kuimba ndi Cook ndi Clifford, n'kukwera nsanja ndi anthu ena. Sly, amene mankhwala adali atamudya, adangoonekera pang'ono, adalankhula mawu ochepa n'kuchoka. Tsiku lolemekeza magulu lidaonetsa mabanja atatu osweka.

Pamene akuluakulu ankagawana ulemu, achinyamata adali atasankha kale. Nirvana idachokera ku Aberdeen, tauni yocheka matabwa ya m'chigawo cha Washington, komwe mvula siitha ndipo ntchito zidali zikutha. Nevermind idatuluka mu Seputembala 1991, ndipo mu Januwale 1992 idachotsa Michael Jackson pamwamba pa mndandanda. M'miyezi yochepa kavalidwe, kaimbidwe ndi zofuna za makampani zidatembenuka. Mtsogoleri wake Kurt Cobain adadzipha mu Epulo 1994 ali ndi zaka 27, msinkhu wa Robert Johnson, Hendrix ndi Morrison. Gululo lidasiya zimbale zitatu za m'situdiyo. Kodi zitatu n'zokwanira kulongera ufumu? Amene adali ndi zaka 16 mu 1991 safuna n'komwe kumva funsolo, ndipo apa pali chinsinsi cha mkangano wonse: munthu akamaikira kumbuyo gulu, kawirikawiri akuikira kumbuyo unyamata wake.

Kuyambira pamenepo yakhala nyengo ya mindandanda. Mu 2004 ndi 2005 magazini ya Rolling Stone idasanja oimba 100 opambana. The Beatles idali yoyamba, The Rolling Stones yachinayi, ndipo a ku America onse a m'khumi oyamba adali anthu paokha: Bob Dylan, Elvis, Chuck Berry, Hendrix, James Brown, Little Richard, Aretha Franklin, Ray Charles. Gulu loyamba la ku America, The Beach Boys, lidapezeka pa nambala 12. Intaneti itabwera aliyense adakhala woweruza, pamene rock yeniyeniyo inkachepa mphamvu. Okonda mpira amadziwa kanyimbo ka The White Stripes a ku Detroit, "Seven Nation Army", komwe masapota amafuula m'mabwalo a ku Ulaya, koma mu 2017 chiwerengero chidaonetsa kuti hip-hop ndi R&B zaposa rock pa nyimbo zomvedwa ku America. Anthu adayambanso kufunsa za oweruza eni ake. Heart ili kuti, ya alongo awiri Ann ndi Nancy Wilson? The Go-Go's, akazi okhaokha opeka ndi kuimba zida okha, omwe chimbale chawo chidafika pa nambala 1 mu 1982, amatchulidwa kangati? Mu 2023 Jann Wenner, woyambitsa Rolling Stone, adachotsedwa m'komiti ya Hall of Fame atalankhula zonyozetsa oimba achikazi ndi akuda, ndipo ambiri adaona poyera dzanja lomwe lidagwira sikelo zaka zonsezo.

Ine ndikafunsidwa sindibisala. The Beach Boys ili ndi chimbale chokongola kuposa onse, Creedence ili ndi nyimbo zomwe sizidzatha m'makutu, Ramones idatsegulira khomo osauka luso koma olemera mtima. Koma mawu atatu a m'funsomo ndimawatenga onse: gulu, rock, America. Sly and the Family Stone lidali gulu loti mukachotsa mmodzi nyimbo imatsimphina. Lidanyamula tchalitchi, blues ndi gitala ya magetsi m'mtolo umodzi. Ana ake ndi ambiri: Miles Davis adasintha njira atalimva, Herbie Hancock adatcha nyimbo yake dzina la Sly, Prince adamanga gulu lake pa chithunzi chomwecho, ndipo a hip-hop akhala akutapa m'ng'oma zake mpaka lero. Ndikudziwa zofooka zake. Nyengo yake yabwino sidapitirire zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo Sly adakhumudwitsa anthu ambiri posabwera ku madansi omwe adalipira kale. Komabe palibe gulu lina limene, mukaliona litaima pansanja, mumaona nkhope ya dziko lonselo, kuphatikizapo anthu amene adayambitsa nyimbozi.

John Fogerty adagula ulamuliro wa nyimbo zake mu 2023, patatha zaka zoposa 50, ndipo masiku ano amaziimba ana ake aamuna awiri ali pambali pake ndi magitala. Sly Stone adamwalira ku Los Angeles pa 9 Juni 2025. Brian Wilson adamutsatira patangopita masiku awiri. Awiriwa onse adali ndi zaka 82, onse adakulira ku California, ndipo onse adayamba kuimba ali ana, m'nyumba ya makolo, pamodzi ndi abale awo a bere limodzi.